Kuwongola sikopu yatsopano pa mfuti popanda kuwononga zipolopolo

Funso ili ndaliyankha pafoni mpaka kutopa, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano. Limabwera chonchi: "Achimwene, ndagula sikopu yatsopano, ndamanga bwinobwino, koma mfuti ikuombera kumbali. Kodi andigulitsa yabodza?" Nthawi zambiri sikopuyo imakhala ilibe mlandu. Sikopu, galasi lolozera lomwe limamangidwa pamwamba pa mfuti, ndi mpope wa mfutiyo ndi zinthu ziwiri zomwe zapangidwa kosiyana, ndipo ntchito yozigwirizanitsa kuti ziziloza malo amodzi ndi yanu mwini mfuti. Zomwe ndalemba apa zikukhudza mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono ya .22 komanso mfuti ya mpweya yoombera mapeleti, tizipolopolo topanda onga, chifukwa ndi zomwe anthu ambiri ondifunsa kuno ku Mzuzu ali nazo. Pomwe mfuti zikuluzikulu zikusiyana ndanenapo.

Tisanayambe, mfuti ya zipolopolo imafuna chiphaso cha polisi, ndipo chiphasocho chikhale chisanathe ntchito, mukhale nacho m'thumba tsiku lomwe mukukayesa. Chiphaso cha mfuti sichikupatsani ufulu wosaka nyama. Za nyama zili m'manja mwa nthambi yoona za malo osungira nyama zakutchire, ndipo lamulo lake lomwe linakonzedwanso mu 2017 limafika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Ku Nyika, ku Vwaza, ngakhale m'nkhalango ya Kaning'ina pafupi pomwepa, si malo okayeserako sikopu.

1. Pezani malo, ndipo yambani ndi kuganiza za kuseri kwa chandamale.

Ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kapena kwina kulikonse m'malokeshoni, iwalani, ngakhale mpanda wanu ndi wautali. Pitani kumunda kunja kwa tawuni, uzani mwini malo, uzani amfumu ndi oyandikana nawo kuti tsiku lakuti m'mawa amva kulira kwa mfuti. Chipolopolo cha .22 anthu amachiderera chifukwa chochepa, koma chikaphonya chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Choncho kuseri kwa chandamale kukhale khoma la dothi lofewa, lalitali kuposa munthu. Dzenje lomwe anthu anakumba poumba njerwa limachita bwino, bola muchotse miyala. Chulu chimagwiranso ntchito, koma chulu chouma cha mu Okutobala chimalimba moti chipolopolo chimatha kunjanja, ndiye tsamiritsanipo matumba awiri atatu a mchenga kutsogolo kwake. Musaombere cholunjika pamadzi kapena pathanthwe. Onetsetsaninso kuti kuseriko kulibe kanjira ka kudimba kapena ka ana opita kusukulu, ndipo mukhale ndi munthu mmodzi woti ntchito yake ndi kuyang'ana basi.

2. Sonkhanitsani zida.

Katoni yaikulu, osati pepala limodzi la kope. Kuombera koyamba kumatha kupita kutali ndi pomwe mwaloza, ndipo ngati simukuona pomwe chipolopolo chagunda simungakonze chilichonse. Matani pepala loyera pakatoniyo, pakati mulembepo kadontho kakuda kakakulu ngati chitsekerero cha botolo. Tenganinso rula, bolopeni, tepi yoyezera mtunda kapena chingwe chomwe mwayezeratu, ma Allen key okwana pa masikuluwu anu, tebulo losagwedera ndi mpando, matumba awiri a mchenga, ndi zotseka m'makutu. Zipolopolo 20 zimakwana ngati mutsatira ndondomekoyi. Zonse zikhale za mtundu umodzi, za m'bokosi limodzi, zomwezo zomwe muzidzagwiritsa ntchito. Pa mapeleti ndi chimodzimodzi.

3. Mangani sikopu moyenera. Izi chitirani kunyumba, mfuti mutaitsimikizira kuti mulibe kanthu.

Mavuto ambiri amabadwira pano. Maring'i, timikombero tachitsulo tomwe timagwira sikopu, akhale ogwirizana ndi thupi la sikopu: pali la inchi imodzi ndi la mamilimita 30, ndipo siasinthana. Akhalenso ogwirizana ndi kanjanji ka pamwamba pa mfuti, komwe pa .22 ndi mfuti za mpweya zambiri ndi ka mamilimita 11. Pukutani mafuta onse pakanjanji ndi m'kati mwa maring'i. Mafuta akatsala, sikopu imasuntha pang'onopang'ono inu osaona.

Mangani maring'i pamfuti molimba, koma zapamwamba zomwe zimapsinja sikopu zisiyeni zomasuka kaye. Tsinzinani, ikani mfuti paphewa monga momwe mumaigwirira masiku onse, kenako tsegulani maso. Ngati mukuona mdima m'mphepete mwa galasi, sunthani sikopuyo kutsogolo kapena kumbuyo mpaka chithunzi chidzaze chonse popanda inu kutukula khosi. Diso limakhala pafupifupi masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pagalasi. Pa mfuti yaikulu, mukayandikitsa kwambiri, sikopu idzakudulani pachikope ikamabwerera m'mbuyo. Ngati sikopu yanu ndi yosintha kukula kwa chithunzi, monga 3-9x40, chitani zimenezi itafika pa 9, chifukwa ndi pomwe malo a diso amachepa.

Kenako wongolani mtanda, timizere tiwiri topingasana tomwe mumaona m'kati. Mangirirani mwala pachingwe, pachikani panthambi patali pang'ono. Chingwecho sichinama. Khazikani mfuti yosapendekeka pamatumba, zunguzani sikopu m'maring'i mpaka mzere woimirira ugwirizane ndi chingwe. Mtanda wopendekeka umachititsa kuti mukakweza m'mwamba, chipolopolo chizipitanso kumbali, ndiye mumangozungulira osamaliza.

Tsopano mangani zapamwamba, sikuluwu ino pang'ono, inayo pang'ono, mosinthanasinthana, mpata wa mbali zonse ziwiri ukhale wofanana. Gwirani Allen key kumbali yake yaifupi ndi zala, osati ndi mphamvu zomangira tayala. Thupi la sikopu ndi la aluminiyamu wopyapyala, mukalifinya zam'kati zimasiya kuyenda bwino.

Kwa inu a mfuti ya mpweya yothyola pakati, ya sipuling'i: mfuti imeneyi imagwedezeka kawiri, m'mbuyo kenako kutsogolo, ndipo imapha masikopu omwe sanapangidwire zimenezo, ngakhale omwe amapirira pa mfuti zikuluzikulu. Gulani yolembedwa kuti ndi ya airgun. Ring'i yakumbuyo imakhala ndi kachitsulo kolowa pabowo la pamwamba pa mfuti, kalowetseni, apo ayi sikopu izingotsetsereka chakumbuyo. Mfuti yotere ikakhala yatsopano iombereni mapeleti mazana angapo kaye kuti ikhazikike musanayambe kuwerengera kalikonse.

4. Konzani galasi la kudiso.

Lozani kumwamba kopanda kanthu kapena pakhoma loyera, yang'anani mwachidule, chotsani diso. Zunguzani mkombero wa kumbuyo kwenikweni mpaka mtanda uzioneka wakuthwa mukangoponyapo diso. Musayang'anitsitse nthawi yaitali chifukwa diso limadzikonza lokha n'kukunamizani. Mkombero umenewu ndi wa mtanda wokha, si wa chandamale. Mukaukonza, usiyeni.

5. Gwirizanitsani mpope ndi sikopu musanaombe.

Ngati mfuti yanu ili ndi bolt yochotseka, chitsulo chakumbuyo chomwe mumakoka polowetsa chipolopolo, ichotseni, khazikani mfuti pamatumba, suzumirani m'kati mwa mpope kuchokera kumbuyo mpaka kadontho kakuda kaoneke pakati penipeni. Osaigwedeza mfutiyo, kwezani mutu muyang'ane mu sikopu. Zunguzani timagudumu mpaka mtanda ufike pa kadontho komweko. Timagudumu ndi tiwiri, tili pansi pa tizitsekerero topotokola: kapamwamba ndi kokweza ndi kutsitsa, kam'mbali ndi kopititsa kumanja ndi kumanzere. Izi sizimaliza ntchito, zimangothandiza kuti chipolopolo choyamba chigwere pakatoni. Mfuti yomwe simungasuzumire mumpope, yambirani pafupi, pa mamita 10.

6. Ombani katatu pa mamita 25.

Sankhani m'mawa mphepo isanadzuke. Miyezi ya Juni ndi Julayi kuno nkhungu imachedwa kuchoka, idikireni, ndipo galasi likachita nthunzi lisiyeni liume lokha kapena pukutani ndi kansalu kake, osati ndi malaya. Thumba limodzi likhale pansi pa mtengo wakutsogolo wa mfuti, lina pansi pa thako lake. Mpope weniweniwo usakhudze thumba kapena tebulo. Ngati munapaka mafuta mumpope, pukutani, ndipo zipolopolo ziwiri zoyamba musaziwerengere. Tsaya likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse, tulutsani mpweya pang'ono, imani, kenako khethemulani mofatsa osakoka mwadzidzidzi.

Ombani katatu mukuloza pa kadontho komweko, osakhudza kagudumu kalikonse, ngakhale mukuona kuti bowo loyamba lapita kutali. Apa ndi pomwe anthu amalephera kudziletsa. Amaomba kamodzi, azunguza, aomba, azunguzanso, ngati munthu wothamangitsa nkhuku pabwalo, ikakhotera uku nayenso akhotera uko, bokosi lonse n'kutha. Bowo limodzi silikuuzani kanthu, chifukwa mwina ndi dzanja lanu lomwe linagwedezeka. Mabowo atatu oyandikana ndi omwe akunena zoona.

Mfuti ya sipuling'i ndiyo imafuna kuigwira mosiyana. Musaigoneke pathumba lolimba. Ikani chikhatho chanu chotambasula pathumba, mfuti igone pachikhathopo, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, osaifinya. Mukaipanikiza imamwaza.

Tsegulani mfuti, isiyeni patebulo ilibe kanthu, ndiye mupite kukatoni. Ngati mabowo atatuwo atalikirana kuposa masentimita 3 kapena 4 pa mamita 25, musayambe kuzunguza. Vuto lili pa masikuluwu, pa kakhalidwe kanu kapena pa zipolopolo. Bwererani pa nambala 3, muonenso ndi masikuluwu omwe amagwira chitsulo cha mfuti kumtengo wake, chifukwa nawonso amamasuka.

7. Yezani, werengani, kenako zunguzani.

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe malangizo ambiri amangoti "sinthani mpaka igunde pakati" n'kukusiyani.

Pezani pakati pa mabowo atatu aja, lembanipo kadontho ndi bolopeni. Kuchokera pamenepo yezani miyezo iwiri payokhapayokha: ndi masentimita angati m'munsi kapena m'mwamba mwa chandamale, ndiponso ndi angati kumanja kapena kumanzere. Musayeze mzere umodzi wolunjika kuchokera pa mabowo kukafika pa chandamale. Lembani manambala awiriwo pakatoni pomwepo.

Tsopano werengani zomwe zalembedwa pakagudumu. Mukakazunguza kamalira pang'ono, ndipo kulira kumodzi timati kiliki. Masikopu ambiri alembedwa 1/4 MOA kapena 1/4" 100 yds. Kumeneko ndi kunena kuti kiliki imodzi imasuntha chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Mawu ofunika ndi akuti pa mamita 100. Inu muli pa mamita 25, gawo limodzi mwa magawo anayi a mtundawo, ndiye kiliki imodzi ikusuntha mamilimita osakwana 2. Ndiye chifukwa chake munthu amazunguza makiliki 4, aomba, saona kusintha, n'kuyamba kutukwana wogulitsa. Makiliki 4 pa mamita 25 sakwana ndi sentimita imodzi yomwe.

Sungani manambala awa. Pa sikopu ya 1/4 MOA, kuti musunthe sentimita imodzi mukufunika makiliki pafupifupi 14 pa mamita 10, makiliki 5 ndi theka pa mamita 25, makiliki pafupifupi 3 pa mamita 50, ndi kiliki imodzi ndi theka pa mamita 100. Ngati yanu yalembedwa 1 cm 100 m kapena 0.1 MIL, masamu ake ndi osavuta: makiliki 4 pa sentimita pa mamita 25, makiliki 2 pa mamita 50, imodzi pa mamita 100. Ya 1/8 MOA imafuna makiliki owirikiza kawiri a ya 1/4.

Tiyerekeze kuti pa mamita 25 mabowo anu ali masentimita 6 m'munsi ndi masentimita 4 kumanja, sikopu ndi ya 1/4 MOA. Kukweza: 6 kuchulukitsa ndi 5 ndi theka, makiliki 33. Kumbali: 4 kuchulukitsa ndi 5 ndi theka, makiliki 22. Makiliki 33 amaoneka ambiri ndipo dzanja limafuna kuima pa 10. Musaime, werengani mokweza mawu mpaka akwane.

Nanga kuzunguzira kuti? Pakagudumu kapamwamba pali muvi ndi mawu akuti UP, pa kam'mbali pali muvi ndi R, ena L. Mivi imeneyi ikunena komwe bowo lipite, osati komwe mtanda upite. Mabowo ali m'munsi, mukufuna akwere, tsatirani UP. Mabowo ali kumanja, mukufuna apite kumanzere, zunguzani motsutsana ndi muvi wa R. Dzifunseni funso limodzi lokha: bowo ndikufuna lipite kuti?

Chomwe chimasokoneza anthu ndi ichi. Mukamazunguza UP uku mukusuzumira mu sikopu, muona mtanda ukutsika. Ambiri akaona zimenezo amaganiza kuti alakwitsa, n'kubweza. Simunalakwitse. Mtanda ukatsika, inu mumakweza mpope kuti muubwezere pachandamale, ndipo mpope ukakwera chipolopolo chimakwera. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mukamvetsa zimenezi, pali njira yachidule yosafuna rula, yothandiza zipolopolo zikakhala zochepa. Khazikani mfuti pamatumba, mtanda uli ndendende pa kadontho komwe munaloza poomba. Mnzanu agwire mfutiyo isasunthe ngakhale pang'ono, kapena inu gwirani, iye azizunguza mukumuuza. Yendetsani mtanda kuchoka pa kadontho mpaka ukafike pakati pa mabowo aja. Basi, sikopu tsopano ikuyang'ana komwe mpope ukuponya. Mu njira imeneyi musawerenge mivi konse, ingoyang'anani mtanda. Mfuti ikagwedezeka muli m'kati, yambiraninso, chifukwa zonse zimadalira kusasuntha kwake.

Masikopu otsika mtengo ali ndi khalidwe lina: mukazunguza, zam'kati zimatsalira, zimadzasuntha mfuti ikalira. Gogodani kagudumu pang'ono ndi chala mukamaliza kuzunguza, ndipo bowo loyamba pambuyo pake musalikhulupirire kwambiri. Makiliki awonso sakhala ndendende monga alembera, ndiye musadabwe mukafunika kubwereza kawiri.

Kagudumu kakafika polimba mabowo asanafike pakati, musakakamize, mudzathyola. Izi zimachitika kawirikawiri pa mfuti zothyola pakati, zomwe mpope wake umakonda kuweramira pansi pang'ono. Mankhwala ake ndi maring'i opangidwa motukula kumbuyo, kapena kachidutswa kopyapyala ka chitini cha chakumwa kuika pansi pa sikopu mu ring'i yakumbuyo, kamodzi kapena tiwiri, osapitirira, ndipo mumange mofatsa. Ngati vuto lili kumbali, masulani maring'i, muone ngati akhala bwino pakanjanji, kapena muwasinthanitse.

Mukazunguza, ombaninso katatu, yezaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri ulendo wachiwiri kapena wachitatu mumakhala mwafika.

8. Pitani pa mtunda womwe muzidzaombera.

Mamita 25 ndi poyambira chabe. Pa .22 anthu ambiri amamalizira pa mamita 50, pa mfuti ya mpweya pakati pa mamita 20 ndi 30, pa mfuti zikuluzikulu pa mamita 100. Yezani mtundawo ndi tepi, mapazi amanama. Bwerezani zomwe zija: katatu, yezani, werengani ndi manambala a mtunda watsopanowo, zunguzani. Pomaliza ombani kasanu kuti mutsimikize. Mpope wa mfuti yaikulu ukatentha upatseni nthawi uzizire, chifukwa mpope wotentha umaponya kwina.

Dziwani kuti chipolopolo sichiyenda mowongoka. Sikopu imakhala pamwamba pa mpope ndi masentimita pafupifupi 4, ndiye chipolopolo chimatuluka chili m'munsi mwa mzere wa diso, chimakwera n'kuudutsa, kenako chimatsika n'kuudutsanso. Choncho mfuti yaikulu yoti mudzaimalizire pa mamita 100 iyenera kugunda masentimita pafupifupi 2 m'munsi pa mamita 25, ndipo mfuti ya mpweya pa mamita 10 nayonso igunde m'munsi pang'ono chomwecho. Musalimbane nazo kuti zifike pakati. Ndi chifukwa chomwechinso munthu amaphonya khoswe ali pa mamita 5 m'khola la nkhuku, sikopu ili bwinobwino: pafupi kwambiri peleti imagunda m'munsi. Kutali nako, .22 yowongoledwa pa mamita 50 imagwa masentimita 15 mpaka 20 ikafika pa mamita 100, kutengera mtundu wa chipolopolo. Ombani pa mitunda iwiri itatu yosiyana, mulembe pomwe ikugunda.

Pali chinthu china chotchedwa parallax. Khazikani mfuti pamatumba, osaikhudza, sunthani mutu pang'ono uku ndi uku mukuyang'ana mu sikopu. Ngati mtanda ukuyendayenda pachandamale, ndi chimenecho. Masikopu ambiri a mfuti zikuluzikulu anawakonzera mayadi 100, omwe ndi pafupifupi mamita 90, ndiye pa mamita 25 chimaonekera. Ngati sikopu yanu ili ndi mkombero wa manambala kutsogolo, wolembedwa AO, kapena kagudumu kachitatu kumanzere, zunguzani mpaka mtanda usiye kuyenda. Ngati ilibe, chepetsani kukula kwa chithunzi ndipo tsaya lizikhala pamalo amodzi.

Mphepo ikayamba kuwomba kuchokera kumbali, pakirani muzipita. Peleti ndi .22 zimatengeka ndi mphepo mosavuta, ndipo mukawongola tsiku la mphepo, tsiku la bata mfuti idzaombera kumbali.

9. Tsekani ndi kusunga.

Bwezerani tizitsekerero ta timagudumu, chifukwa ndi tomwe timatchinga madzi, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa. Mukadzaona nthunzi m'kati mwa galasi, osati kunja, ndiye kuti sikopuyo yayamba kulowa mpweya wa chinyezi, ibwezeni komwe munagula ngati nthawi ikadalipo. Donthezani kadontho ka kyuteksi pomwe sikopu yakumana ndi ring'i, kena pomwe ring'i yakumana ndi kanjanji. Kakadzang'ambika mudzadziwa kuti china chasuntha. Lembani m'kope tsiku, mtunda, mtundu wa zipolopolo ndi kulemera kwake.

Mfuti ikagwa, ikayenda pa njinga yamoto mumsewu wa mabampu, kapena mukamasula sikuluwu iliyonse, ombani katatu pakatoni musanaidalire. Mukasintha mtundu wa zipolopolo kapena mapeleti, ngakhale kukula kwake kuli komweko, yambiraninso pa nambala 8.